Sivi ya Pilira

Ku Kasina, banja la a Vinsenti linkatchulidwa ndi ulemu. Anali anthu opemphera, ndipo ana awo awiri anawalera mofanana. Koma Pilira, wamkuluyo, anatenga khasu, pamene mlongo wake Levison anatenga bawo.

Pilira anagwira ntchito zaka zingapo pa nazale ya paini ya a Bonifasio. Atamva kuti kampani ina ya matabwa ku Boma ikufuna woyang'anira mbande, anaganiza zofunsira ntchitoyo. Analemba sivi yake pamanja, pepala lija lofotokoza maphunziro ndi ntchito zimene munthu wagwirapo. Sanakometsere kanthu. Kumapeto anaika dzina ndi nambala ya a Bonifasio ngati omuchitira umboni.

Inali nyengo yokumba mbatatesi, choncho anatuma Levison kuti akataipitse n'kukapereka.

"Ukapereke za mlongo wako basi," anatero mayi awo, a Elena. "Ukafuna yako, uyambe wagwira ntchito. Bodza Mulungu amadana nalo."

"Ndamva, amayi."

Anamvadi, koma mawuwo anatsalira m'minibasi. Ku Boma anapeza Kingsley, mnzake wakusukulu amene ankataipa makalata.

"Aise, mpaka liti ukhala wotumidwa?" anaseka Kingsley. "Sivi yonona chonchi! Tingochotsa dzina lake, tiike lako. Amene amafufuza ndani?"

"Nanga achemwali?"

"Mkazi uja adzakwatiwa. Iwe adzakudyetsa ndani?"

Levison anavomera. Anapereka sivi ya dzina lake, ya mlongo wake n'kuiponya m'ngalande. Ulesi wake womwe uja, sanawerenge n'komwe mpaka kumapeto.

Pilira ankangoyang'ana foni m'munda, akupemphera kuti amuitane. Levison ankadya naye mbale imodzi, n'kumati, "Dikirani, achemwali, ayimba."

Lamlungu lina Misa itatha, a Bonifasio anaimitsa banja lonse panja pa tchalitchi.

"Mwana wanga Pilira, bwanji sunafunsire ntchito ija? Akampani anandiyimbira kufunsa za Levison. Ndinawauza kuti ameneyo sanagwirepo ngakhale mbande imodzi kwa ine. Nditatchula iwe, anati alibe pepala lako, ndiponso za banja limeneli sakufunanso kumva. Alemba wina."

A Elena anangokhala pansi pafumbi. Pilira anatembenukira mlongo wake.

"Levison, ndinakupatsa ndi manja angawa. Thukuta langa lonse linali papepala lija. Ukanandiuza kuti ukufuna ntchito, sindikanakuphunzitsa?"

Anthu otuluka m'tchalitchi anali atamva zonse.

Levison analapa, inde, ndipo Pilira anamukhululukira patapita nthawi. Koma ntchito ija sinabwerere, ndipo mpaka lero pakhomopo palibe amene amamutuma, ngakhale kokagula mchere.

Achinyamata, lembani pa sivi zokhazo zimene manja anu anagwira. Bodza la papepala limafufuzidwa, ndipo likaululika limapweteka ndi osalakwa omwe.