Oilo Wakuda Pansi pa Mlatho

Makaniko wina anachedwa dala kutseka galaja tsiku limenelo. Anzake anali ataweruka kalekale, koma iye anatsalira, akunamizira kupukuta masipanala. Ankadikira mdima. Kuseri kwa galajayo kunali migolo yodzaza ndi oilo wakutha, ndipo kokataya zoterozo kunali kutali, pomwe ngalande inali pamphuno. Anapendeketsa migolo ija umodziumodzi, oilo n'kumatsetsereka mwakachetechete kulowera kumtsinje. Sikanali koyamba.

"Madzi amatsuka chilichonse," anadziuza, akupukutira manja pa ovolosi.

Basi yomaliza inali itapita, choncho anauyamba wapansi. Kunyumba kunali mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi, amene thupi lonse linali litatuluka zilonda zosamva mankhwala. Mtima wake unali pa mwanayo pamene ankadutsa masitolo otseka ndi agalu ogona m'makonde. Atapitirira nyali yomaliza ya mumsewu, njira inatsikira ku mlatho.

Masiku onse pamalopo pankakhala phokoso la achule logonthetsa m'khutu. Usiku umenewo kunali zii!

Kenako anamva khwaa... khwaa... khwaa...

Anaima n'kusuzumira pansi. M'madzi ofika m'chiuno munali bambo wamtali wovala chikhoti chamvula chachikasu. Anali ndi ndodo ya ngowe, akukokera kumtunda mapepala apulasitiki ndi mabotolo.

"Mwaweruka, alamu?" anatero munthuyo osatembenuka.

Makaniko anacheuka. Panalibe wina. Ndipo iye sankadziwa mlongo aliyense wa mkazi wake.

"Mwandisokoneza ndi wina, bambo."

"Iyayi, ndi inu nomwe. Ntchito ya manja anu yafika kale, yakusiyani m'mbuyo."

Munthuyo anatapa madzi ndi manja awiri n'kuwakweza m'mwamba. Anali akuda bii, akuyenderera pang'onopang'ono ngati phula. Dzanja lamanzere linali loduka zala.

"Mapepala ndimatola. Mabotolo ndimatola. Nanga izi nditola ndi chiyani, alamu? Mwini wake anangotisungitsa mtsinjewu. Akaufuna tikamupatsa uti?"

 Makaniko anayamba kuyenda, maso kutsogolo. Mlathowo unali waufupi, ankaudziwa bwino. Koma lero sunkatha. Anayenda. Anayendabe. Tsidya silinkafika.

Kumbuyo kwake, chapa... chapa... chapa...

Mapazi onyowa!

Anawonjezera liwiro. Mapaziwo anawonjezeranso. Fungo la oilo linamukuta, lolemera, lotsamwitsa. Anafuna kupemphera koma lilime linakana. Anathamanga. Phazi linaterereka, iye pansi khuu! Manja ake anagwera m'chinthu chonanda, chozizira. Mlatho wonse unali oilo yekhayekha.

Atadzutsa mutu, tsitsi linamuima.

Munthu uja anali ataima patsogolo pake!

Nkhope inali yotuwa mbuu. Madzi ankatuluka m'mphuno ndi m'makutu, osaleka. Maso sankaphethira. Chifuwa sichinkapuma.

"Mwana wa mlongo wanga amasewera pamchenga kumunsi uko," anatero munthuyo, mawu akumveka ngati ochokera m'chitsime. "Amasamba m'madzi amenewa. Nthaka ndi madzi siziiwala, alamu. Zimene mwazimwetsa zimabwera nazo pakhomo."

Anawerama n'kumugwira pamkono. Kuzizira kwake kunalowa mpaka m'mafupa.

"Mayooo!"

Makaniko sanadziwe kuti anadzuka bwanji. Anangozindikira ali pakhomo pake, akumenya chitseko ndi zibakera, nsapato imodzi itatsala kunjira.

Mkazi wake anatsegula atanyamula nyali. "Kwagwanji, bambo? Mwamwa?"

Iye anagwa pampando wa kukhitchini. Anaulula za migolo, za ngalande, ndi kumene mwana wawo anatenga zilonda. Mkaziyo anaika nyali patebulo pang'onopang'ono.

"Ine kuzungulira zipatala ndi mwana kumsana, kumene matenda akuchokera kuli m'manja mwanu? Mwana wobereka nokha?"

"Sindinadziwe kuti amapita kumtsinje, mayi."

"Nanga ana a eni ake amene amasamba komweko, amenewo si ana?"

Makaniko anaweramitsa mutu. "Kukacha ndikatseka ngalande ija. Dothi lonse lakuda ndikalifukula ndi manja angawa. Ndikadzathiranso dontho limodzi, Mulungu andilange."

 Mkaziyo anayang'ana pamkono pa mwamuna wake. Panali chidindo chakuda cha dzanja, chosakwana zala.

"Wakugwirani ndani apa?"

"Munthu wina pamlatho. Wamtali, wa chikhoti chachikasu. Amatola zinyalala m'madzi mdima uno, ndipo amangonditchula kuti alamu."

Mkaziyo anakhala pansi pasimenti, manja kukamwa. Mawu ake anali onong'ona.

"Amenewo ndi achimwene anga. Sindinkafuna kuwatchula, mtima unkandipweteka. Zala zija zinadulidwa ndi makina opopa madzi. Akaweruka kuntchito ankayeretsa mtsinje umenewo okha, anthu n'kumawaseka kuti mutu sukuyenda. Chaka china mvula itakula, zinyalala zinatseka pansi pa mlatho, madzi n'kuyamba kulowa m'nyumba za anthu. Iwo anatsikiramo kuti akatsegule."

Misozi inali chuchuchu.

"Njira ya madzi anaitseguladi, koma iwo sanatulukemo. Tinawaika m'manda ine ndikanali pasukulu, inu ndi ine tisanadziwane n'komwe."