Belu Limene Linasowa pa Msomali

Belu linasowa pa msomali pake, ndipo usiku womwewo afisi anakana mbuzi.

Tisamubisire Yempabou, nkhanzayi anaiyambitsa ndi iyeyo. Ankagwira ntchito yolondola mapazi a nyama pamalo ogona alendo a Mayi Ouoba, m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa, koma alendo ochokera kumzinda wa Ouagadougou ankafuna kuona magazi, osati mapazi. Choncho ankamangirira mbuzi pachitsa pafupi ndi dziwe, belu lili m'khosi, iye ndi alendo n'kukwera pansanja mumdima. Afisi anaphunzira msanga kuti belu likalira ndiye kuti ndiwo zapsa.

Usiku umenewo mbuzi yopanda belu inalira mpaka kusasa mawu. Afisi anafika, maso ali ngwee, kenako onse anatembenuza mitu pamodzi. Kutali, cha kunyumba za antchito, chinachake chinkalira mwaulesi: ngwe... ngwe... Anaisiya mbuzi ija n'kulowera komweko.

Kutacha, mapazi awo anali atazungulira nkhokwe ya mapira. M'mawa winawo anapezeka pakhomo penipeni pa Yempabou. Lamoudi wophika ananong'oneza anzake kuti mizimu ya mbuzi zonse zija yabwera kudzafunsa mlandu, ndipo antchito anayamba kulowa m'nyumba dzuwa lisanalowe.

M'nyumba ya Yempabou munali bambo ake, a Diassibo, mlenje wakale amene mutu unali utasokonekera. Usiku ankadzuka kufuna njira ya kudziwe kumene ankasaka ali mnyamata. Wowasambitsa, wowachapira ndi wowamangira chitseko ndi chingwe anali Folpoa, mkazi wa Yempabou, yekhayekha.

"Folpoa, sunamve belu usiku?"

"Ine ndimve belu? Ndikatha kuchapa zonyansa za abambo anu ndimangogwa ngati chipika. Inu si mumagona pansanja ndi mabwana?"

"Chitseko umamanga koma?"

"Mwayamba liti kufunsa zimenezo?"

Pakakolo pa mkuluyo panali mkwingwirima wa chingwe. Yempabou anauona, koma anali ndi changu, alendo ankadikira tiyi.

Madzulo ake Mayi Ouoba anamuloza chala. "Anthuwa akabwerera osaona kanthu, iwenso unyamule wamisala wakoyo muzipita."

Mphepo ya fumbi inaphimba mwezi. Pansanja pankamveka kupuma kwa anthu ndi udzu wouma ukukhudzana. Ndiye belu lija linayamba, ndipo ulendo uno linkatsika ndi kanjira kobwera kudziwe. Afisi amene ankalira kutsidya anangoti zii.

"Mwabweretsa mbuzi ina?" ananong'ona mlendo wina, akuseka chamumtima. "Iyi ndiye yodzipereka yokha!"

Yempabou anatchera khutu. Mbuzi ikamayenda belu limasokosera. Ili linkalira kamodzi, phazi n'kukhwekhwereza, kenako kamodzinso. Kunamveka kachifuwa kouma, ndi kamluzu kotsanzira nkhwali kamene bambo ake anamuphunzitsa ali mwana.

Anagwira tochi. Zala za Mayi Ouoba, amene analinso pansanjapo, zinamukanikiza pamkono.

"Ukayatsa athawa."

"Mayi, si mbuzi imeneyo."

"Ndati usayatse."

Yempabou anazengereza kanthawi kochepa chabe, kongokwanira munthu kuganiza za ntchito yake. Belu linalira mofulumira, ngwengwengwengwe, likukokedwera m'tchire. Pamene ankalumpha pansanja akufuula kuti "Bambo!", alendo ena anali akufunsabe kuti ajambule mbali iti.

Anabwera kunyumba dzuwa litatuluka, belu lili m'manja, kachingwe kake kali konyowa ndi magazi. Chingwe cha pachitseko chinali chitakulungidwa bwinobwino pamwamba pa mtsuko. Folpoa ankasinja mapira, ndipo sanaleke.

"Unkadziwa chimene belu ili limaitana," anatero Yempabou.

"Ine ndimangofuna muzimva kumene abambo anu ali," anayankha Folpoa, musi ukugwa mumtondo. "Mwamva, eti?"