Tamanda ndi Kapu Yobiriwira

Tamanda ankakhala ku Mitundu. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Efulemu.

Efulemu sankalankhula. Chigayo chikalira, ankatseka makutu. Madzi ankamwera m'kapu yake yobiriwira basi.

Amayi akadzuka, ankafunsa, "Efulemu ali kuti?" Akabwera kudimba, ankafunsa, "Efulemu wadya?"

Nanga Tamanda? Tamanda anali wongotumidwa kumjigo. Nsanje inamugwira, nsanje yeniyeni!

Tsiku lina Amayi anapita ndi Efulemu kuchipatala ku Nkhoma. Anakwera kabaza. Anakweranso minibasi. Efulemu anabwerako milomo ili noninoni ndi mafuta a mandasi.

Amayi anauza Abambo kuti, "Adokotala akuti mwanayu ali ndi otizimu."

Tamanda anamva. "Nanenso ndikufuna otizimu," anatero chamumtima.

Kusukulu anaphunzira kuti chimfine amapatsirana pomwera kapu imodzi. Basi nzeru zinamubwerera Tamanda. Koma nzeru zake!

M'mawa anatenga kapu yobiriwira ija. Anakabisala kuseri kwa chigafa cha fodya. Anamwa madzi. Anamwanso. Anamwanso mpaka mimba inati ndindindi ngati ng'oma.

Anadikira. Chigayo chinalira. Makutu ake sanapweteke ngakhale pang'ono.

Kenaka anamva kulira kunyumba. Anali Efulemu. Amayi anamupatsa kapu yofiira, anakana. Anamupatsa yachitsulo, anakana. Dzuwa linali likuswa mtengo. Efulemu anali ndi ludzu.

Mtima wa Tamanda unawawa. Anathamanga n'kumupatsa kapu yake. Efulemu anamwa, n'kukhala chete.

"Tamanda, kapuyi unaitengeranji?" anafunsa Amayi.

"Ndimafuna nditengere otizimu, Amayi."

"Chifukwa chiyani, mwanawe?"

"Kuti nanenso muzindifunsa ngati ndadya."

Amayi anakhala pansi pakhonde. Sanaseke. Sanakalipe.

"Otizimu si chimfine, Tamanda. Sapatsirana. Efulemu anabadwa choncho."

"Ndiye anamulodza?"

"Ayi. Palibe anamulodza. Palibe analakwa. Ubongo wake umamva zinthu mosiyana ndi wako. Ana otere alipo ambiri. Kuchipatala tinapeza wina wa ku Nathenje, wina wa ku Diamphwe."

Tamanda anayang'ana pansi. Misozi inagwera pa zala zake za kumapazi.

"Koma ndakulakwira, mwana wanga," anatero Amayi. "Ndimaona ngati wakula. Bwera kuno."

Amayi anavula chitenje chapamwamba. Anawerama. Anamubereka Tamanda kumsana!

Miyendo ya Tamanda inali lendelende, pafupi kukhudza pansi. Abambo anatuluka m'chigafa akuseka.

"Khanda lalitali chonchi mwalitola kuti?"

Efulemu anabwera. Anakoka chitenje cha Amayi. Nayenso nsanje!

Abambo anamunyamula. "Tiye kwa ine, achimwene. Lero kumsanako kuli eni ake."

Amayi anazungulira bwalo lonse. Tamanda anagoneka tsaya pamsana pawo. Panali pofunda.

"Ndikutsitse kodi?" anafunsa Amayi.

"Ayi, Amayi. Tizungulirenso."