Ufa pa Injini

Evelesi ankasefa ufa wa mapira pakhonde. Ankasefa pang'onopang'ono. Sefa inkapita uku, inkapita uko. Ufa unkagwera m'lichero.

Evelesi sankakonda kulankhula. Ankakonda kuyang'ana. Tsiku limenelo ankayang'ana chikwama cha Bambo. Chikwamacho chinali pakhomo. Chinali chomangamanga kale.

Bambo anali ndi galimoto yakale. Inkanyamula nsomba kuchokera kwa Ndamera kupita kumsika wa Ngabu. Koma galimotoyo inayamba kununkha. Inkanunkha oyilo wopserera. Oyilo ndi mafuta akuda a mu injini.

Mayi anati ndi fungo la milamba yowamba. Anatsitsa madengu onse. Fungo silinathe.

Bambo anayang'ana matayala. Anakwawira pansi pa galimoto. Fungo silinathe.

Bambo anatsuka injini ndi sopo. Anaiyang'ana uku ndi uku. Sanaone kanthu. Fungo silinathe.

Amayi ogulitsa nsomba anasiya kukwera. Anati nsomba zawo zikumveka oyilo. Wina anati galimotoyo idzayaka moto panjira.

Kenako anabwera a Geresomo, a nyumba yoyandikana. Kale ankayendetsa thirakitala kumunda wa nzimbe. Ananunkhiza. Anapukusa mutu.

"Injini yatha iyi, achimwene," anatero a Geresomo. "Galimotoyi ipatseni nkhuku zizigonamo."

Anaseka okha. Bambo sanaseke.

Bambo anati mawa apita ku Beira. Akafuna ntchito kudoko. N'chifukwa chake chikwama chinali pakhomo.

Evelesi ankadziwa za Beira. Ku Beira ndi kutali. Bambo a mnzake Melissa anapita komweko. Mvula inagwa, mvula inatha. Inagwanso, inathanso. Bambo a Melissa sanabwere.

Evelesi anapitiriza kusefa. Msozi unatsika patsaya. Unagwera m'lichero. Pa ufa panaoneka kadontho.

Evelesi anasiya kusefa. Anayang'ana kadonthoko. Pa ufa woyera dontho silibisala. Koma injini ndi yakuda. Oyilo nayenso ndi wakuda.

Dzuwa linafika pamutu. Kunatentha kwambiri. Mayi anapita kumjigo. Bambo anagona pansi pa mtengo wa nimu. Anaphimba nkhope ndi chipewa.

Evelesi anaima pafupi ndi Bambo. Anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Anayesanso. Mawu sanatuluke.

Anabwerera pakhonde. Anakunkhuniza mtondo mpaka pagalimoto. Anauvundikira pansi. Anakatenga lichero la ufa. Anakwera pamtondopo. Boneti inali yotsegula. Anakhudza injini ndi chala. Inali yozizira.

Anawaza ufa dzanja limodzi. Anawaza dzanja lachiwiri. Anawaza lachitatu. Injini yonse inayera.

Kenako anamva mapazi a Mayi. Anachita mantha. Anathawira kuseri kwa khola la mbuzi.

Mayi anatula ndowa. Anaona injini yoyera. Anadzutsa Bambo. Bambo anaitana a Geresomo.

A Geresomo anaima patali. Anati ufa wotere ndi nsembe. Anati wina waitanira mizimu pa galimotoyo.

Mayi anagwira pamtima. Anati iwo ndi anthu a kutchalitchi. Anafunsa kuti ndani wawachita zotere.

Bambo anakhala pansi pafumbi. Anakhala nthawi yaitali. Kenako anadzuka. Ananyamula chikwama.

"Galimoto yafa. Tsopano anthu akutiseweretsa," anatero Bambo. "Sindidikiranso mawa. Ndipita lero."

Evelesi anamva zonse. Mbuzi inamunyambita dzanja. Dzanjalo linali la ufa.

Anatuluka kuseri kwa khola. Analowa m'nyumba. Anatenga kiyi wa galimoto pamsomali. Anaima patsogolo pa Bambo. Anatambasula manja.

Onse anaona kiyi. Onse anaona manja oyera.

"Mzimu wake ndi umenewu?" anafunsa a Geresomo.

Mayi anakwiya. Anati ufa ndi wochepa chaka chino. Anati ufa si choseweretsa. Evelesi anayang'ana pansi. Koma manja sanabweze.

Bambo anamuyang'anitsitsa.

"Ukuti ndilize galimoto, mwanawe?"

Evelesi anagwedeza mutu kuvomera.

Bambo anaika chikwama pansi. Analiza galimoto. Injini inalira. Onse anayang'ana ufa.

Anadikira. Ufa unali woyera. Anadikiranso. Ufa unali woyerabe. A Geresomo anatsokomola. Anati nthawi ikupita. Evelesi anafuna kulira.

Kenako anaona kanthu. Analoza ndi chala.

Kumbuyo kwa injini kunali kadontho kakuda. Kanali pakona pa chivundikiro cha injini. Kadonthoko kanakula. Kanatsika ngati bongololo. Kanagwera pa paipi yotentha. Panatuluka kautsi. Fungo linadzaza pabwalo.

Bambo anazimitsa galimoto. Anadikira kuti injini izizire. Kenako analowetsa dzanja pakonapo. Anapeza nati. Natiyo inkazungulira ndi zala zokha. Mabampu a mumsewu ndi amene anaimasula. Oyilo ankatulukira pamenepo.

Bambo anatenga sipanala. Anamanga nati bwinobwino. Anapukuta oyilo pa paipi. Anapukutanso pakona paja.

Mayi anapita pakhonde. Anabwera ndi ufa dzanja limodzi. Anawaza okha pakonapo.

Bambo analizanso galimoto. Onse anadikira. Ufa unali woyera. Anadikiranso nthawi yaitali. Ufa unali woyerabe.

A Geresomo anati iwo anaikayikira kale natiyo. Mayi anangowayang'ana. A Geresomo anati akaone ng'ombe zawo. Anachoka.

Bambo anapukuta ufa wonse pa injini. Anakweza Mayi ndi Evelesi kutsogolo. Anayenda mpaka kumjigo. Anabwerera. Mayi ananunkhiza. Bambo ananunkhiza. Fungo panalibe.

Koma chikwama chinali pafumbi pomwe paja. Bambo anachiyang'ana. Anati galimotoyi ndi yakale. Anati lero ndi nati, mawa chidzakhala china. Anati mwina ku Beira apitebe.

Anawerama kuti anyamule chikwama. Evelesi anagwira lamba wa chikwamacho. Anagwira ndi manja awiri.

Anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka.

"Bambo, musapite."

Bambo anagwada. Nkhope yawo inafika pafupi ndi yake.

"Nena, mwanawe. Ndikumva."

"Melissa amakhala pamsewu tsiku lililonse. Amayang'ana basi iliyonse. Ine sindikufuna kukhala pamsewu."

Bambo anayang'ana Mayi. Mayi anapukuta maso ndi chitenje. Kenako Bambo anasiya chikwama m'manja mwa Evelesi. Anamuuza kuti akachilowetse m'nyumba. Anati zovala zonse azibwezere pamalo pake.

Chikwamacho chinali cholemera. Evelesi anachikoka mpaka pakhomo. Pamenepo anaima. Anatembenuka.

"Galimoto ikadzadwalanso mudzandiitane," anatero Evelesi. "Inu muzidzagwira sipanala. Ine ndizidzayang'ana."