Zilembo Zitatu

Pali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale amayi anga, mpaka dzulo.

Nditangomaliza sukulu ndinapeza ntchito pakashopu kotaipa makalata. Tsiku lina kunalowa msilikali wachinyamata, mkono wakumanja wa malaya ake ataupinda n'kuubaya ndi pini. Kukhwapa anapanira kope lothimbirira.

"Achemwali, mundithandize. Dzanja lolembera ndinaliiwala pamlatho."

Ndinaseka, kenako manyazi anandigwira. Iye anasekanso.

M'kopemo munali nkhondo ya pamlathopo, masiku khumi ndi asanu atazingidwa. Iye ankawerenga, ine n'kumataipa. Amuna akulimbirana madzi a m'rediyeta ya galimoto. Mayi akuimbira khanda lozizira kale. Namwino wina akusoka mabala ndi ulusi wosomola kudiresi lake. Akafika pa namwinoyo mawu ake ankafewa, ine n'kumachita nsanje. Nsanje yake yotani, munthu sanandifunsire n'komwe?

Tsiku lina anandipatsa foni yake.

"Nambala ya namwino uja ndaipeza! Dzanja lamanzereli limanjenjemera. Mulembe kuti: 'Ndili moyo. Ndidikire.'"

Ndinalemba. Kenako chala changa chinabwerera n'kuwonjezera zilembo zitatu kutsogolo: "Usandidikire." Ndinatumiza, n'kufufuta.

Yankho silinabwere. Patapita milungu tinamva kuti namwinoyo anapempha kukatumikira kutali, nambala anasintha.

"Sindimuda," anatero msilikaliyo, akuyang'ana pini ija. "Theka la mwamuna angalifune ndani?"

Ine ndinapitiriza kutaipa, maso pakompyuta.

Miyezi inadutsa. "Achemwali" anasanduka "kamlembi kanga." M'mawa uliwonse uthenga wodzaza zolakwika: "Wadzuka bwnji mtima wanga?" Masana ankandidikira pakhomo. "Iwe ndiwe dzanja langa. Sindidzakutayanso pamlatho." Ndinkamwetulira, koma zilembo zitatu zija sindinkaziiwala.

Dzulo tinafika patsamba lomaliza. Anakokera mpando pafupi, phewa lake likukhudza langa.

"Taipa ichi, wokondedwa. Ndikufuna aliyense awerenge: 'Kwa mlembi wanga, amene sanasinthepo liwu langa ngakhale limodzi.'"

Zala zanga zinauma gwa!

"Bwanji? Sukulu yathawa?" anandiseka. "Kapena ndikutchulire chilembo chimodzichimodzi?"

Ndinachotsa manja patebulo. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Ndinasintha limodzi. Namwino uja sanakukaneni. Munati akudikireni, ine ndinalemba kuti asakudikireni."