Kaisha Yobwerera ku Tete

Anamupeza Lachinayi masana m'ngalande, pamsewu wa ku Mualadzi. Mota yake, njinga yamoto, inali itagona chammbali. Mayi wina wochokera kumunda anamumanga kumutu ndi kapulana wake, nam'mwetsa madzi a m'chigubu.

"Kaisha ili kuti?" Sailesi anafunsa maso ali chitsinzinire.

Panalibe kaisha.

Sailesi anabwerako ku Zambia nkhondo itatha, napeza ntchito pa kafukufuku wa mankhwala a edzi. Ankanyamula kaisha, bokosi loyera lozizira. Popita kumidzi inkakhala ndi mankhwala. Pobwerera inkakhala ndi timabotolo ta magazi okayezedwa ku Tete.

Kutacha, mphekesera inali itadzaza msika wa Chifunde: Sailesi ndi namapopa, wagulitsa magazi, balalo wadzipweteka yekha. Anthu anazungulira chipatala chomwe anagonekedwa, miyala ili m'manja.

Namwino Ernestina anaima pakhomo. Milomo yake inkapemphera mosatulutsa mawu.

"Mumtulutse!" anakuwa Nilton, amene mkazi wake anali m'kafukufukuyo. "Magazi a kwathu ali kuti?"

"Achimwene, munthu angadziteme yekha kunkhongo?" anayankha Ernestina.

Mwala unaswa zenera.

Komandante Lourenço analowera kuseri ndi apolisi awiri okha. Anagwada pafupi ndi bedi la Sailesi.

"Bambo, wokumenyaniyo munamuona?"

"Anadziphimba nkhope. Anangoti, 'Bweretsa mankhwalawo.'"

"Mankhwala?" anadabwa Ernestina. "Ndiye anangoiona ikupita. Sakudziwa kuti yobwerera imakhala ndi magazi."

Komandante anadzuka. Mankhwala obedwa ali ndi msika umodzi. Anaitana apolisi a pamalire ku Cassacatiza pa wailesi.

Nthawi yomweyo Celso, wokonza njinga wa ku Mualadzi, anali kuseri kwa malole pamalirepo. Kaisha ija anali nayo, asanaitsegule, chifukwa wogula anati yomata ndiyo yosakayikitsa. Oyendetsa malole anaunjikana. Amayi ogulitsa nthochi anasuzumira.

"Katundu wa boma weniweni uyu," anatero Celso, nadula chomatira.

Timabotolo tofiira tinagubuduzika m'fumbi.

Anthu anabwerera m'mbuyo. Kenako mayi wina anakuwa: "Namapopa!"

Celso anathawa, nsapato imodzi itatsala. Njerwa inam'gunda paphewa. Analowa pa esikwadra ya apolisi chokwawa, nagwira miyendo ya wapolisi.

"Ndimangeni, bwana! Ine ndine wakuba chabe! Mwini kaisha ndinam'menya ndine!"

Ku Chifunde chitseko chinali chitayamba kugwedezeka pomwe wailesi inalira. Komandante anatuluka nayo, naikweza kuti aliyense amve. Mawu a Celso anamveka, akulira, akutchula dzina lake ndi mudzi wake.

Miyala inagwa pansi umodziumodzi. Palibe anayang'ana mnzake. Nilton anatsala yekha, akutola magalasi a zenera lija.

Khoti la ku Tete linapatsa Celso zaka zisanu ndi chimodzi.

Magazi aja anali atawonongeka ndi dzuwa. Kunafunika kutenganso ena, ndipo Ernestina anaopa kuti palibe adzabwere. Lachinayi lotsatira Sailesi anaika kaisha yatsopano pansi pa mtengo wa ku Mualadzi, mutu uli womangidwa. Pabwalo panali mbee. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu.

Kenako njinga inatulukira. Nilton anatsitsa mkazi wake, naima pambali, chipewa chili m'manja.

Mkaziyo anakhala pabenchi, natambasula dzanja.