Chisudzulo cha Papepala

Tsiku limene mayi Opal Haskell anabwera ndi mapepala a chisudzulo linali Lamulungu, ndipo anali asanavule n'komwe chipewa cha kutchalitchi. Anawaika patebulo, pakati pa mbale ya mbatatesi ndi mabotolo a mankhwala a mwana wawo Royce, n'kuuza mpongozi wawo Twila kuti asainire.

Twila anayamba waseka. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zimene anakhala pabanja ndi Royce, apongoziwa anali atamunena zambiri: mchere wochuluka m'ndiwo, makatani akuda, mdzukulu amene sanabwere. Koma zothetsa banja anali asanazitchulepo.

"Usandiyang'ane ngati ndine mfiti, mwanawe," anatero mayi Opal. "Ndi chisudzulo cha papepala chabe. Anzathu a Dobbs aja anachita zomwezi, lero akumwa mankhwala aulere."

Olemba nyuzipepala amakonda kunena kuti Denholm yathu ino ndi tauni yotchipa m'chigawo chonse cha Ohio, yabwino kulereramo ana. Abwere adzadwale, aone kumene kutchipako kumathera. Royce ankakhoma madenga a nyumba mpaka khansa itamugwira m'mapapo. Twila ankayala mabedi pa motelo m'mawa, masana n'kukaima pa kauntala ya sitolo yaikulu ya pa msewu waukulu, ndipo ntchito zonse ziwirizo zinalibe inshuwalansi ya chipatala. Boma limalipirira osauka, inde, koma litaphatikiza malipiro a Twila linati banjali si losauka. Twila akanasiya ntchito imodzi, lendi ikanawatulutsa m'nyumba. Koma Royce akakhala wosakwatira, wopanda kalikonse, boma likanamulipirira zonse.

Twila anakana. Analira, nakumbutsa apongozi ake kuti iye analumbira pamaso pa abusa, osati pamaso pa kalaliki wa boma. Mayi Opal anayankha kuti malumbiro sagula mankhwala, ndipo ngati akufuna kukhala mkazi wamasiye wokhala ndi mtchatho wake m'bokosi, anene poyera. Royce anali ataweramira patebulo ndi mpeni. Ankadula pilisi pakati kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi. Theka lina linagwera pansi. Twila ataona mwamuna wake wagwada akulifufuza pansi pa mpando, anatenga cholembera.

Kukhoti sizinatenge ngakhale mphindi khumi. Twila analowa ali mayi Haskell, anatuluka ali Twila Pruitt, dzina la kwa bambo ake. M'galimoto Royce anayesa kumuseketsa.

"Ndiye tsopano ndine batchala, chemwali. Muli ndi chibwenzi kodi?"

"Chokani apa, batchala wanji wa chifuwa chotere?" anayankha Twila, akuseka misozi ili m'maso.

Chimene sanachiganizire n'chakuti anthu osudzulana sakhala pa keyala imodzi. Royce anasamukira kwa amayi ake, kuseri kwa njanji. Mankhwala anayamba kubwera, thupi linabwererako pang'ono, ndipo mayi Opal ankayenda mokweza mapewa. Koma mantha analinso nawo. Anali atamva za banja lina limene aneba analineneza, boma n'kulilamula kubweza zonse. Choncho anayamba kuika malamulo. Galimoto Twila aziisiya mumsewu wakuseri. Mphete avule. Kutchalitchi asakhale benchi limodzi. Twila, mkazi wamkulu wa imvi zake, ankalowera khomo la kukhitchini ngati wakuba amuna a eni.

M'nyengo yozizira mwini nyumba anakweza lendi, gasi wotenthetsera nyumba nayenso anakwera. Twila anawonjezera maola, ndipo masiku ena ankalephera kupita kuseri kwa njanji. Apongozi sanachedwe kumuuza Royce kuti waona, pepala lija ena alikhulupirira.

Tsiku lina mu Malichi Twila anafika masana kwa apongozi ake n'kupeza pakhomo potseka. Mneba ndiye anamuuza kuti Royce anamutenga dzulo lake pa ambulansi. Anathamangira kuchipatala, koma namwino atayang'ana pa kompyuta anati wachibale amene walembedwa ndi mayi ake okha. Twila anadikira pabenchi maola awiri mpaka mayi Opal atatulukira ndi kapu ya khofi.

"Amayi, mwana wanu akugona m'chipatala, ine osandiimbira?"

"Tsitsa mawu. Ukufuna anthu amve?"

"Amve! Ndani wamusambitsa zaka ziwiri zonsezi? Munati ndi za papepala, lero mwandisandutsa mlendo."

"Ndakusandutsa ndine? Unasaina ndi dzanja langa?" anatero mayi Opal. Anakhala pansi, nanena motsitsa kuti madokotala ati kwatsala masabata ochepa. Kenaka anapita okha kwa namwino kukamupempha kuti Twila alowe monga mnzake wa wodwalayo.

Kuyambira tsiku limenelo Twila ankajomba kuntchito kuti akhale pambali pa bedi. Motelo inamuchotsa. Kusitolo anamupatsa kalata ya chenjezo lomaliza. Iye sanasamale, mtima wake unali pa chinthu chimodzi. Anali atalankhula kale ndi abusa a pachipatalapo, ndipo iwo anati atha kuwamangitsanso ukwati pabedi pomwepo. Anagwira dzanja la Royce n'kumuuza.

"Sindikufuna phwando, amuna anga. Ndikungofuna kuti mupite ndili mkazi wanu."

Royce anatseka maso. Kenaka anapukusa mutu.

"Tikakwatirana lero, mawa a boma adziwa kuti tinkanama. Zonse zimene ndadya muno adzazifuna kwa iwe. Udzafa ukulipira mtembo, Twila. Ayi."

Anamuchonderera, anamunena kuti ndi wouma mtima ngati amayi ake, anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka namwino anadzuka pampando. Atabwerera anapeza Royce akulira mwakachetechete, koma yankho linali lomwelo. Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, Lachiwiri m'mawa, Twila ali pa kauntala.

Maliro anawaika Lachisanu masana. Twila anapita kwa bwana wake, mayi wachifundo ndithu amene ankamudziwa Royce, kukapempha masiku atatu amene sitolo imapereka kwa wantchito woferedwa mwamuna. Bwanayo anatsegula faelo. Anati m'mabuku mwalembedwa kuti ndi wosudzulidwa, ndipo lamulo silitchula mwamuna wakale. Anati makina ndi amene amawerenga masiku ojomba, ndipo akangojomba Lachisanu ntchito yatha, iye sangachitepo kanthu. Anafufuza woti asinthane naye, koma kunali kumayambiriro kwa mwezi, tsiku limene tauni yonse imagula.

Twila anakhala m'galimoto theka la ola asanailize. Ntchito inali itatsala imodzi yomweyo, ndipo ku Denholm mkazi wa zaka makumi asanu wochotsedwa kawiri sapezanso ina. Anapita kuseri kwa njanji, ndipo ulendo uno anagogoda khomo la kutsogolo.

Mayi Opal atamva anaimirira, nkhope itafiira.

"Sudzabwera kudzaika mwamuna wako? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati chimene munkafuna kuti azinena, amayi. Kuti tinasiyana."

Mayi wokalambayo anagwira mpando. Anayamba kulira ngati mwana, akunena kuti iwo ankangofuna kuti mwana wawo akhale ndi moyo. Twila anati akudziwa. Sanawakumbatire, komanso sanawatukwane. Anawasiyira malaya abuluu amene Royce ankawakonda kuti akamuveke, n'kutuluka.

Lachisanu sitolo inadzaza. Cha m'ma thuu koloko Twila anaona kudzera pagalasi magalimoto a mumsewu akupatukira kumbali n'kuima, monga timachitira kuno maliro akamadutsa. Kutsogolo kunali galimoto yakuda. Pambuyo pake panali magalimoto asanu ndi limodzi okha, nyali zili zoyatsa, ndipo m'yoyambayo munali chipewa cha mayi Opal. Manja a Twila anaima, atagwira chitini cha nyemba.

Mayi amene ankagula, mlendo wa maonekedwe a anthu ongosamukira kumene m'tauni muno, anatembenuka kuyang'ana panja. Anati ndi mwambo wokongola, kumene achokera anthu sachita zotere. Kenaka anaona nkhope ya Twila, misozi ikutsikira pa yunifolomu.

"Pepani, mayi. Munkamudziwa?"

Twila anayang'ana mpaka galimoto yomaliza itakhota pa ngodya ya banki. Pamzere panali anthu asanu ndi awiri akudikira.

"Ndinkamudziwa," anatero, nadutsitsa chitini pamakina. "Ndikuikireni m'jumbo?"